NJINGA YAKAPALASA NDI MISEWU YA M'MPHEPETE MWA NYANJA

Nthawi zambiri tikamakamba za misewu ya dziko lino timaganizira magalimoto okha, ngati kuti msewu udalambulidwira amene ali ndi injini basi. Koma aliyense amene adaimapo m'mbali mwa msewu wa M5 m'mamawa akudziwa kuti nambala ya njinga zakapalasa zodutsa imaposa ya magalimoto. Pali mphunzitsi amene akuthamangira belu loyamba, mlangizi wa zaumoyo, wogulitsa usipa, wakabaza, ndipo mwa apo ndi apo mlendo wochokera kutali atamangirira zikwama zake kukaliyala. Lero tifuna kuyenda ndi owerenga athu pa msewu umenewu kuchokera ku Nkhotakota mpaka ku Livingstonia, kuti tione chimene njira imeneyi ili nacho ndi chimene ikusowa.

Chigawo choyamba, kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Nkhata Bay, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Poyamba dziko ndi lathyathyathya. Wopalasa amaoloka mtsinje wa Bua, nadutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kenaka nyanja imayamba kuonekera pafupi cha ku Kande ndi ku Chintheche, kumene mchenga uli woyera ngati ufa. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya mwera yochokera kummwera chakuvuma, choncho wolowera kumpoto amakhala ngati akukankhidwa kumsana, pamene wobwerera kummwera amalimbana nayo tsiku lonse. Wanzeru amayamba wafunsa za mphepo asanasankhe kolowera.

Atapitirira Chintheche zinthu zimasintha. Msewu umasiyana ndi gombe nuyamba kukwera ndi kutsika m'timapiri, kudutsa pafupi ndi nkhalango ya Mkuwazi ndi m'munda wa mitengo ya mpira wa Vizara, mmene muli mthunzi wozizira bwino. Zitunda za kuno si zazitali koma nzotsatizana, ndipo zimatopetsa munthu mwakachetechete.

Chigawo chachiwiri ndicho chimayesa mphamvu za miyendo. Nyanja ya Malawi ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250. Pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu pali makilomita osakwana 50. Ndiye kuti wopalasa amakwera mamita pafupifupi 800 m'theka la tsiku, kuchoka m'dziko la chinangwa ndi kondowole kukalowa m'dziko la nkhungu ndi chisanu. Amene adanyamuka padoko ali thukuta kamukamu amafika pamwamba akufuna juzi.

Kuchokera ku Mzuzu njira imatsata msewu wa M1 kudzera ku Ekwendeni ndi chigwa cha Henga, mpaka kukafika pa mtsetse wa Chiweta. Pamenepa nyanja imatulukira mwadzidzidzi pansi patali, ndipo tsiku lopanda mitambo munthu amatha kuona mapiri a ku Tanzania kutsidya. Ndi malo okongola zedi, koma ndi amenenso amatidetsa nkhawa koposa. Msewu womwewu ndiwo umadutsa malole onyamula mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ndi ena onyamula malasha a ku Mchenga. Makona ake ndi akuthwa, ndipo njinga imene mabuleki ake adatha siingaime ikangoyamba kutsetsereka.

Chigawo chotsiriza ndi chachifupi koma chowawitsa kuposa zonse. Pa Chitimba pamapatuka msewu wa Gorodi, umene umakwera phiri kulunjika ku Livingstonia. Kutalika kwake ndi makilomita ngati 15 okha, koma uli ndi makona 20 okhota ngati ndowe yowedzera nsomba, ndipo umakwera mamita oposa 700. Ambiri amatsika nkumakankha njinga, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Pafupi ndi pamwamba pali mathithi a Manchewe, ndipo kutsogolo kwake kuli mishoni imene Dr. Robert Laws adakhazikitsa ku Khondowe mu 1894.

Aphunzitsi aone kuti njira yonseyi ndi phunziro la mbiri yakale loyalidwa pansi. Ku Nkhotakota nkumene David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe pafupi ndi Chintheche mu 1881, ndipo pomaliza idakwera phiri kuthawa malungo a kugombe. Wopalasa njinga kuchokera ku Bandawe kukafika ku Khondowe amamva m'thupi mwake chifukwa chake anthu aja adafunafuna malo okwera. Nawo masamu alimo. Ana a sukulu atagawa mamita 776 ndi makilomita 47 adzapeza kuti msewu wa ku Mzuzu umakwera mamita ngati 16 pa kilomita iliyonse, pamene wa Gorodi umakwera pafupifupi mamita 50. Funso lotere limakhala ndi moyo kuposa lija lokamba za sitima za m'maiko amene mwana sadzawaonako.

Tsono phindu lake nlotani ku dziko? Mlendo wa pagalimoto amadutsa maboma atatu tsiku limodzi, ndipo midzi imangoona fumbi lake. Wapanjinga amayenda makilomita 80 kapena 100 basi, ndiye amatopa. Amagula nthochi pamsika, amadya nsima ya batala m'kanyumba kodyera, amamatitsa chubu kwa mmisiri wa pansi pa mtengo, nagona m'nyumba ya alendo ya pamalopo. Ndalama zake zimagwa pang'onopang'ono m'manja ambiri. Sitikunena zamaloto ayi. Ulendo wotchuka wa Tour d'Afrique, umene udayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, wakhala ukudzera ku Karonga, Chitimba ndi Mzuzu. Ku South Africa, mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, umene udayamba mu 1978 ndipo umazungulira makilomita 109 m'mapiri a m'mbali mwa nyanja, umasonkhanitsa anthu zikwizikwi chaka ndi chaka. Mapiri athu ndi gombe lathu sizichepa pamaso pa zimenezo.

Komabe tisayambe ndi mlendo. Mwini msewu weniweni ndi mayi amene wanyamula thumba la chinangwa pakaliyala, ndi mwana amene akupalasa kupita kusukulu ya sekondale yoyendera. Msewu ukakhala wabwino kwa iwo, udzakhalanso wabwino kwa wina aliyense. Vuto lalikulu nlakuti m'malo ambiri phula lidadyeka m'mbali, kotero kuti lole ikaliza hutala, wapanjinga amayenera kudumphira m'tchire kapena m'ngalande. M'nyengo ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imasefukira ndi kudula msewu, monga zidachitikira cha ku Dwangwa mu 2024.

Motero tikupempha akuluakulu oona za misewu kuti paliponse pamene akukonzanso msewu, asiye mpata wa phula m'mbali zonse ziwiri woti njinga ndi oyenda pansi azidutsamo. Mpata wotere umatetezanso msewu weniweniwo kuti usagumuke msanga, choncho si ndalama zotayika. Pamwamba pa mitsetse ikuluikulu monga wa Chiweta pakhale zikwangwani zochenjeza m'zinenero zimene anthu a m'deralo amamva. Makhonsolo a Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Rumphi angathe kugwirizana pokonza mapu amodzi osonyeza mitunda, zitunda, mijigo, zipatala ndi malo ogona, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa aphunzitsi tikuti: mwana amene amabwera kusukulu pa njinga aphunzitsidwe malamulo a pamsewu monga mmene amaphunzirira kuwerenga. Adziwe kuyenda kudzanja lamanzere, kukweza mkono asanakhote, kusayenda awiriawiri mondondozana m'mbali pa msewu wopapatiza, ndi kuvala zowala kukamada. Adziwe kuti pamtsetse wautali mabuleki amagwiridwa onse awiri mopumira, chifukwa kuwafinya kosalekeza kumatenthetsa limu ndi kutha mphira. Adziwenso kuti kugwirira kumbuyo kwa lole pachitunda ndi kuseweretsa moyo. Bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2018 kuti pa 3 Juni pazikhala tsiku lokumbukira njinga pa dziko lonse. Mphunzitsi wamkulu aliyense angathe kugwiritsa ntchito tsikuli poitana wapolisi wa pamsewu ndi mmisiri wokonza njinga kuti adzayendere mabuleki ndi matayala a ana.

Kwa amene akufuna kuyesa ulendowu, uphungu wathu ndi wachidule. Asankhe miyezi ya chisanu, pakuti mu Okutobala ndi Novembala kugombe kumatentha koopsa. Anyamuke mbandakucha, anyamule madzi okwanira, pampu, zigamba ndi chubu chapadera, avale chipewa choteteza mutu, ndipo agone m'neti chifukwa udzudzu wa kunyanja sunasinthe khalidwe kuyambira masiku a ku Bandawe. Pa chitunda asachite liwuma. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Dziko lino lidapatsidwa nyanja ndi mapiri moyandikana mwa njira imene maiko ambiri amasirira. Chotsala ndi udindo wathu: kuti woyendetsa galimoto apatse ulemu wapanjinga, kuti wokonza msewu amukumbukire pojambula mapulani ake, ndi kuti mphunzitsi amukonzekeretse akadali wamng'ono. Tikachita zimenezi, mwana wa ku Chintheche adzafika kusukulu ali wamoyo, ndipo mlendo adzabweranso ndi anzake.