Amisiri amene amawerenga mabwinja a nkhondo

Kuyambira mu Seputembala 1940 kufikira mu Meyi 1941, ndege za Germany zinkaponya mabomba pa mzinda wa London kawirikawiri usiku. Kukacha, ozimitsa moto ali mkati mopinda mapaipi awo, pamalopo pankafika anthu ena opanda phokoso, atanyamula tepi yoyezera, kabuku ndi kamera. Ankayeza dzenje limene bomba lakumba, kuyang'ana mbali imene khoma lagwera, ndi kufunsa opulumuka kuti anagona pati. Awa anali mainjiniya ndi akatswiri a zomangamanga olembedwa ntchito ndi unduna woteteza anthu wamba. Chinkawavutitsa maganizo n'chakuti mabomba ofanana kukula ankasiya nyumba ina itaphwasuka mpaka pamaziko, pamene ina inangothothoka mawindo ndi zitseko.

Mmodzi mwa atsogoleri awo anali John Baker, mphunzitsi wa zomangamanga pa yunivesite ya Bristol, yemwe pambuyo pake anasamukira ku Cambridge. Malipoti atachuluka patebulo pake, chithunzi chinaoneka bwino. Nyumba za anthu wamba zinali za njerwa, ndipo makoma ndiwo ankasenza katundu yense. Mitanda ya matabwa yogwira nsanjika inkangolowetsedwa m'timabowo ta pakhoma, osamangirira. Bomba likaphulika, mpweya wake umakankha khoma mwamphamvu, kenaka n'kulikokera kunja, nthaka nayonso ikugwedeza maziko. Khoma likangosendera pang'ono, mitanda ija imapulumuka m'mabowo mwake, ndipo nsanjika, denga ndi chumuni zimatsikira pa anthu amene ali pansi. Ambiri mwa omwalira anaphedwa ndi nyumba zawo zomwe.

Nyumba zokhala ndi mafupa a chitsulo, kapena a konkire yolukiramo zitsulo, zinkachita zosiyana. Mmenemo khoma limangotchinga mphepo. Katundu ali pa mizati ndi mitanda yogwirana. Makoma ankauluka, mzati umodzi n'kupindika, koma anzake ankalandira katunduyo ndipo nyumba inkatsala chilili. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mbiya ndi dengu: zonse zikagwa pangolo, mbiya imasweka pomwepo, dengu limaphwanyika mbali imodzi koma chimanga chili momwemo. Baker anali atafufuza kale khalidwe limeneli la chitsulo, loti chimapinda nthawi yaitali chisanaduke, ndipo popindapo chimamwa mphamvu ya chimene chachimenya.

Nzeru imeneyi inabala chobisalamo cha m'nyumba chotchedwa Morrison, dzina la nduna Herbert Morrison. Chinali ngati tebulo la chitsulo lotalika mamita 2, m'mbali mwake muli waya, ndipo banja linkadyerapo masana n'kugona pansi pake usiku. Baker anachipanga moti nsanjika ikachigwera chibwafuke pang'ono koma chisaphwanyike. Pofika kumapeto kwa 1941 boma linali litagawa pafupifupi 500,000. Kafukufuku wina wa nyumba 44 zowonongeka kwambiri anapeza kuti mwa anthu 136 amene anabisala m'matebulo amenewa, 3 ndiwo anamwalira ndipo 13 anavulala kwambiri.

Nkhani ya zobisalamo za mumsewu ndi yowawa, ndipo mmisiri aliyense amene anauzidwapo ndi bwana kuti achepetse simenti angaimvetse msanga. Zinali timanyumba ta njerwa tokhala ndi denga lolemera la konkire. Simenti itasowa mu 1940, ndiponso chifukwa malangizo a boma analembedwa mosamveka bwino, makontilakita ena anamanga ndi layimu ndi mchenga basi. Bomba likagwa chapafupi, makoma ankathawira kunja, denga lathunthu n'kutera pa anthu. Zambiri zinagumulidwa kapena kumangidwanso, ulendo uno ataikamo zitsulo zogwirizanitsa khoma ndi denga. Palibe mdani amene anasakaniza matope amenewo. Anasakanizidwa ndi manja a eni dziko, pa ntchito ya boma.

Ofukula anthu m'zigumukire nawonso ankachokera m'ntchito yomanga. Magulu opulumutsa anthu ku London anadzaza ndi omanga njerwa, akalipentala, mapulambala ndi ogumula nyumba, chifukwa amene anamangapo nyumba amadziwa mmene imagwera. Ankazindikira kuti nsanjika ikapulumuka mbali imodzi imatsamira khoma n'kusiya mpata, ikathyoka pakati imasiya mipata iwiri, koma ikatsika yonse nthawi imodzi chiyembekezo chimachepa. Ankadziwanso kuti pansi pa masitepe ndi pamene pamapezeka amoyo kawirikawiri. Ankakumba ngalande yopapatiza ndi manja ndi timafosholo, kuchirikiza ndi matabwa, zinyalala n'kumapatsirana m'madengu, gasi wa mapaipi oduka akununkha.

Luso lomweli linagwiritsidwanso ntchito pofuna kupha, ndipo mbali imeneyi siyenera kubisidwa. Mu 1943, m'chipululu cha Utah ku America, pamalo oyeserapo zida otchedwa Dugway, asilikali anamanga midzi iwiri yoti aziitentha. Wina unali wa nyumba za ku Germany, wina wa ku Japan. Pa nyumba za ku Germany anathandiza Erich Mendelsohn, katswiri wojambula mapulani amene anathawa ulamuliro wa Hitler mu 1933. Pa za ku Japan anathandiza Antonin Raymond, yemwe anagwira ntchito ku Tokyo zaka zambiri ndipo ankadziwa nyumba zakumeneko mpaka mtundu wa thabwa. Anaikamo mphasa, zofunda ndi mipando monga mmene eni ake amachitira, kuti aone mmene moto ungayendere. Nyumba zikapsa, amisiri ankazikonzanso kuti zikatenthedwenso.

Zotsatira zake zinaoneka usiku wa pa 9 Malichi 1945, pamene mabomba a moto anagwera madera othithikana a Tokyo, a nyumba za matabwa ndi mapepala. Anthu pafupifupi 100,000 anafa, ndipo dera la makilomita 41 m'bwalo lake linasanduka phulusa. Ku Hamburg mu Julayi 1943 nyumba zinali za njerwa zochindikala, koma madenga ndi nsanjika zinali za matabwa. Oponya mabomba ankasakaniza dala: ophulika kuti aboole madenga ndi kuswa mawindo, a moto kuti alowe poboolapo. Makoma anatsala ataima, m'kati mwapsa psiti, ndipo anthu ochuluka anafera m'zipinda zapansi chifukwa cha utsi ndi kusowa mpweya. M'mizinda ya Germany amisiri anali ataboola makoma a pakati pa zipinda zapansi za nyumba zoyandikana, n'kutsekapo ndi njerwa zochepa zoti munthu angagwetse ndi nyundo. Timabowo timeneto tinapulumutsa ambiri.

Ku Hiroshima, nyumba zochepa zimene zinatsala chilili pafupi ndi pamene bomba la atomu linaphulikira zinali makamaka za konkire, zina zomangidwa motsatira malamulo okhwima amene anabwera pambuyo pa chivomezi cha mu 1923. Nthambi ya Bank of Japan, yomwe inali mamita 380 kuchokera pamalopo, inayambanso kulipira anthu ndalama patangopita masiku awiri. Komabe ogwira ntchito ena anafera momwemo. Kuima kwa khoma sikunaletse kutentha ndi cheza.

Nkhondo ikatha pamabwera antchito a mtundu wina. Ku Berlin amayi ankaima mzere pa milu ya zigumukire, kupatsirana ndowa ndi kugogoda njerwa imodziimodzi kuti achotse matope akale. Akatswiri a mbiri anaonetsa pambuyo pake kuti gawo lalikulu la ntchitoyi, makamaka kumadzulo kwa dzikolo, linagwiridwa ndi makampani ndi makina, koma njerwa zimene amayiwo anakonza zinamangadi nyumba. Matope a layimu a nyumba zakale ankachoka mosavuta, n'chifukwa chake njerwa zinkapulumuka. Zotsala zinaunjikidwa mpaka kukhala phiri la Teufelsberg. Ku Warsaw, dera la Muranów linamangidwa pamwamba pa mabwinja a malo amene Ayuda anatsekeredwa, ndi mabuloko oumbidwa kuchokera ku zigumukire zomwezo.

Kusowa kwa nyumba pambuyo pa nkhondo kunabweretsa kamangidwe kachangu: makoma athunthu a konkire oumbidwa kufakitale, onyamulidwa ndi kireni n'kulumikizidwa pamalo. Mphamvu ya nyumba yotere ili pa zolumikizira. Pa 16 Meyi 1968, gasi wophikira anaphulika pa nsanjika ya 18 ya nyumba ya Ronan Point kum'mawa kwa London. Kuphulikako kunali kochepa, moti mayi amene anayatsa machesi anapulumuka, koma khoma limodzi linatuluka, ndipo ngodya yonse ya nyumba ya nsanjika 22 inatsetsereka mpaka pansi. Anthu 4 anafa pomwepo. Katswiri wina, Sam Webb, analimbikira kwa zaka kuti nyumbayo ifufuzidwe, ndipo poigumula mosamala mu 1986 anapeza malo ena olumikizira ali opanda matope okwanira, ena atatsekedwa ndi zinyalala ndi nyuzipepala. Kuyambira pa ngoziyo malamulo a zomangamanga ku Britain amafuna kuti nyumba yaitali ikataya chiwalo chimodzi isagwe yonse.

Mizinda ya Ukraine ndi yodzaza ndi nyumba za mtundu umenewu, zomangidwa m'nthawi ya Soviet Union, zolumikizidwa powotcherera tizitsulo tomwe tsopano tatha zaka makumi angapo m'chinyezi. Zithunzi za nkhondo za ku Borodyanka mu Malichi 2022 zikuonetsa mmene zimagwera: mbali ziwiri za nyumba zili chilili, makatani ali pamawindo, koma chigawo chapakati chapita chonse kuchokera padenga mpaka pansi. Pa 14 Januwale 2023 mzinga wa Russia wa mtundu wa Kh-22, wonyamula zophulika pafupifupi tani imodzi, unagwera nyumba ya nsanjika 9 ku Dnipro n'kupha anthu 46. Palibe nyumba yogonamo anthu imene ingapirire mzinga wotere ukaimenya pamutu, ndipo mlandu ndi wa wowombera. Kamangidwe kamangolamula kuti kugwa kulekeze pati.

Opulumutsa anthu a ku Ukraine ali ndi mwambo umene anzawo a ku London akanauzindikira. Nthawi ndi nthawi kapitawo amalamula kuti makina onse azimitsidwe, kireni, jenereta ndi macheka odulira konkire, aliyense akhale duu, amvetsere ngati pansi pali wogogoda kapena foni ikulira. Anthu wamba anaphunzitsidwa lamulo la makoma awiri: pakati pa iwe ndi kunja pakhale makoma osachepera awiri, loyamba lilandire kuphulika, lachiwiri ligwire zidutswa ndi magalasi. Ofukula akachoka, mainjiniya amalowa ndi tochi kuyang'ana ming'alu ndi kupendekeka kwa makoma, n'kugamula ngati nyumba ikonzedwe kapena igumulidwe. Chigamulo chimenechi n'cholemera, chifukwa panja pamakhala eni nyumba akudikira, ena atatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Ku Syria, gulu lopulumutsa anthu la White Helmets linayamba ndi anthu wamba, ophika buledi, atelala, aphunzitsi ndi omanga nyumba, ndipo ena mwa iwo anaphunzitsidwa ndi gulu la ku Turkey la AKUT, lomwe luso lake linachokera pa zivomezi.

Mayiko ena anasankha kumangiratu. Switzerland inakhazikitsa lamulo mu 1963 lofuna kuti nzika iliyonse ikhale ndi malo pobisalira. Israel, itawomberedwa mizinga ya Iraq mu 1991, inalamula kuti nyumba zatsopano zikhale ndi chipinda cha konkire yochindikala, cha chitseko ndi zenera la chitsulo; m'nyumba zosanja zipindazi zimasanjikizana kukhala ngati nsanja yolimba m'kati mwa nyumba. Mzinda wa Kharkiv unatsegula sukulu ya pansi pa nthaka mu 2024.

Ku Gaza kulibe zobisalamo zotere za anthu wamba. Nyumba zambiri ndi za mizati ya konkire ndi mabuloko, ndipo banja limawonjezera nsanjika mwana wamwamuna akamakwatira, n'chifukwa chake padenga pamasiyidwa zitsulo zili njo, kudikira nsanjika yotsatira. Mizati yapansi ikathyoledwa, masilabu amasanjikizana limodzi pamwamba pa linzake, ndipo opulumutsa opanda makina akuluakulu sangawanyamule. Bungwe la United Nations linayerekeza mu 2025 kuti zigumukire za nkhondo zapitirira matani 50 miliyoni, zosakanikirana ndi asibesitosi, mabomba osaphulika ndi matupi a anthu.

Popeza kulowa kwa simenti ndi zitsulo kwakhala koletsedwa kapena kochepetsedwa kuyambira 2007, kumeneko kunabadwa ntchito yakeyake pambuyo pa nkhondo za 2009 ndi 2014. Anyamata amatola zibuma za konkire pa ngolo za abulu n'kukagulitsa kwa eni makina ophwanya, amene amazigaya kukhala miyala youmbira mabuloko. Ena amaswa silabu ndi nyundo kuti asolole zitsulo, n'kuziwongola chimodzichimodzi pa benchi ndi mpaipi wautali. Mainjiniya amachenjeza kuti chitsulo chimene chinapindidwa ndi bomba n'kuwongoledwa chimakhala chitataya gawo la kupirira kwake, kotero n'choyenera mpanda kapena lintala ya khomo, osati mzati wosenza nsanjika. Pamsika chimagulidwabe, chifukwa n'chotchipa ndipo nthawi zambiri china palibe.