Kuphunzira Uli pa Ntchito: Phunziro Lochokera pa Msika wa Nkhata Bay

Pa msika wa Nkhata Bay ndalama zimayenda m'njira ziwiri masiku ano. Njira yoyamba ndi yakale ija, yoti wogula usipa kapena ufa wa kondowole atulutse makwacha m'thumba napereka m'manja mwa wogulitsa. Yachiwiri ndi yosaoneka ndi maso: wamalonda wa ku Mzuzu amalipira nsomba pa foni, ndipo mwana amene ali ku Joni amatumiza thandizo kwa amayi ake, iwo nakalitapa pa kakauntala ka ejenti m'mbali mwa msewu. Chiyambire Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, njira yachiwiriyi yakula kwambiri, kotero kuti netiweki ikavuta pa tsiku lofika sitima ya Ilala, malonda a anthu ambiri amaima.

Ambiri mwa amene amakhala pa makauntala amenewa ndi anyamata ndi atsikana amene anamaliza Folomu 4. Amadziwa kuwerengera ndalama mofulumira, kulemba m'kaundula ndi kuzindikira uthenga wabodza wa akuba. Komabe ntchito yeniyeni imene imayendetsa ndalamazo imagwiridwa kutali, m'maofesi a mabanki ndi makampani a mafoni ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumeneko kuli anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, oyesa ngati pulogalamu yatsopano ili ndi vuto isanaperekedwe kwa anthu, osamala makina osunga maakaunti, ndi alonda oteteza makinawo kwa mbava. Chifukwa cha anthu otere, makina olumikiza mabanki a National Switch, amene anayamba mu 2015, amatheketsa munthu kutapa ndalama pa ATM ya banki imene si yake. Funso tsono ndi ili: kodi mwana wa pa msika angaloweko bwanji ku ntchito yotereyi?

Njira yodziwika kwambiri m'dziko muno ndi yoyamba sukulu, ntchito pambuyo. Wophunzira amayenera kukhoza bwino mayeso a MSCE, asankhidwe kupita ku Mzuzu University, MUBAS, MUST kapena sukulu ina yaukachenjede, aphunzire zaka zinayi, kenaka ayambe kuyenda ndi makalata m'maofesi. Malo ndi ochepa, fizi ndi yokwera, ndipo ngakhale bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira lakhala likuthandiza kuyambira mu 2015, ngongoleyo imadzafunika kubwezedwa. Womaliza digiri akafika pa khomo la banki, kawirikawiri amafunsidwa ngati anagwirapo kale ntchito. Pamenepa m'pamene ambiri amagwa mphwayi.

Ku England anayesa kumasula mfundo imeneyi m'chaka cha 2015 poyambitsa maphunziro a digiri ochitikira pa ntchito. Womaliza sekondale amalembedwa ntchito ndi kampani, nalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Masiku ambiri a sabata amagwira ntchito pamodzi ndi akatswiri, ndipo pafupifupi tsiku limodzi amalipatula kuti aphunzire za ku yunivesite. Pakatha zaka zitatu kapena kuposerapo amalandira digiri yofanana ndi ya anzake, koma iye sanalipire fizi, ndiponso manja ake anazolowera kale ntchito. Mabanki akuluakulu monga Barclays, Lloyds ndi J.P. Morgan akhala akulemba achinyamata mwa njira imeneyi m'nthambi zao za makompyuta. Pofuna kupeza ndalama zolipirira maphunzirowa, boma la dzikolo linakhazikitsa msonkho mu 2017, woti kampani iliyonse yaikulu izipereka theka la peni pa paundi iliyonse ya malipiro a antchito ake.

Walira mvula walira matope. Njirayi si yofewa ai. Wophunzira wotere sakhala ndi tchuti chachitali monga anzake a ku yunivesite. Mayeso ndi ntchito zimamufika nthawi imodzi, ndipo amasankha ntchito ya moyo wake ali ndi zaka 18 zokha. Ofuna malo amakhalanso ochuluka zedi kuposa malowo. Komabe kwa mwana wa m'banja losauka, kulandira malipiro uku akuphunzira ndi chinthu chachikulu.

Anthu a m'boma la Nkhata Bay sangadabwe nalo ganizo limeneli, pakuti makolo ao analidziwa kale. Amishoni a Livingstonia anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe. Kumeneko anyamata, ambiri mwa iwo Atonga, ankachita pangano la zaka zingapo lophunzira ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, ukalaliki ndi kutumiza mauthenga pa waya wa telegalafu. Ankaphunzira m'kalasi, nagwiranso ntchito yeniyeni ndi manja ao. Telegalafu ndiyo inali luso latsopano la masiku amenewo, monga momwe kompyuta iliri lero, ndipo ophunzira a ku Khondowe ankafunidwa m'maofesi mpaka ku Rhodesia ndi ku South Africa.

Lero mwambo umenewu uli m'manja mwa bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1999. Wophunzira wa TEVETA amakhala nthawi ina ku koleji ya ntchito zamanja, monga Mzuzu Technical College, ndi nthawi ina ku kampani, ndipo luso la makompyuta lili m'gulu la maphunziro ake. Olemba anthu ntchito, mabanki omwe, amapereka ku thumba la maphunzirowa tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya malipiro a antchito ao. Motero mizati iwiri ilipo kale: thumba la ndalama ndi chizolowezi chophunzira pa ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti njira ya TEVETA imapereka masatifiketi a luso, pamene ya ku England imafikitsa munthu pa digiri ali pa malipiro. Mabanki ndi mayunivesite a m'dziko muno atagwirizana zomanga mlatho pakati pa ziwirizi, angapeze antchito odziwa bwino msika umene makina ao amatumikira.

Pakali pano, wachinyamata amene mtima wake uli pa ntchitoyi asakhale manja lende. Masamu ndi Chingerezi ndiwo makiyi, ndipo amene sanakhoze bwino maphunziro awiriwa achita bwino kulembanso mayeso. Azitchera khutu pamene TEVETA ikulengeza zolemba ophunzira atsopano, afunsenso ku Mzuzu University, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Nkhata Bay, za maphunziro amene munthu angachite ali pa ntchito. Amene ali pa kauntala ya ejenti asapeputse ntchito yake: kaundula wolembedwa bwino ndi mbiri ya kukhulupirika ndi zinthu zimene banki iliyonse imayang'ana, chifukwa wogwira makina a ndalama amasunga chuma cha eni ake.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yao. Ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amadziwa ntchito za uphunzitsi, unamwino ndi upolisi chifukwa amaziona ndi maso, koma sanamvepo kuti kuseri kwa uthenga wa ndalama umene umalira pa foni kuli munthu amene analemba pulogalamu yake. Mphunzitsi wa masamu angathe kutenga chitsanzo cha pa msika pomwepo: ndalama zochoka m'foni ya wogula, kudutsa m'makina a kampani, kufika kwa wogulitsa, ndi kuwerengera kwa mtengo wotumizira. Mwana akamvetsa ulendo umenewo, wayamba kale kuganiza monga amisiri a makinawo, ndipo m'mera mpoyamba.