Kudziwa kokha sikukwanira, watero kafukufuku wa ku Blantyre

Kafukufuku yemwe wakhala akuchitika mu mzinda wa Blantyre ndi m'maboma ena m'dziko muno waonetsa kuti nthawi zambiri anthu salephera kuchita zinthu zowathandiza chifukwa cha umbuli ayi, koma chifukwa cha tizopinga ting'onoting'ono monga mtunda, ndalama ya minibasi, manyazi komanso mtima wa ndichita mawa.

Mfundoyi, yomwe idachokera kwa akatswiri a za kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma poti ntchito zambiri za umoyo, ulimi ndi chitukuko zimayamba ndi misonkhano yozindikiritsa anthu, ndipo zina zimathera pomwepo.

Chitsanzo chapafupi ndi kafukufuku yemwe adatsogolera Dr Augustine Choko wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili pa chipatala cha Gulupu ku Chichiri. Kafukufukuyu adachitika m'zaka za 2016 ndi 2017 m'zipatala za Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe, ndipo adakhudza amayi oyembekezera oposa 2,300 omwe amabwera ku sikelo.

Vuto lidali lodziwika kale. Amayi amayezetsa magazi akayamba sikelo, koma amuna awo saoneka ku chipatala ngakhale uthenga wa HIV adaumva kambirimbiri pa wailesi, ku tchalitchi ndi ku ntchito.

Ochita kafukufukuwo adagawa amayiwo m'magulu. Ena adapatsidwa kalata yoitana amuna awo ku chipatala basi. Ena adapatsidwa kalatayo pamodzi ndi zipangizo zodziyezera wekha kunyumba, zomwe munthu amangopukuta m'nkhama n'kudikira mphindi 20. Pagulu lachiwirili, abambo ena adalonjezedwanso ndalama pang'ono akafika ku chipatala, ena adaimbiridwa foni yowakumbutsa, pomwe ena adalowetsedwa m'mpikisano wa mwayi.

Malinga ndi zotsatira zomwe zidatuluka m'chaka cha 2019, pa abambo 100 aliwonse omwe adalandira kalata yokha, 13 okha ndi omwe adayezetsa ndi kufika ku chipatala pasanathe masiku 28. Pomwe padali zodziyezera ndi madola atatu a ku America, chiwerengero chidafika pa 41, ndipo pomwe padali madola khumi chidafika pa 52. Foni yokumbutsa idathandizako pang'ono, koma mpikisano wa mwayi adausiya pakati poona kuti sukuphula kanthu.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi chomwe chidachitika kunyumba. Malinga ndi zomwe amayiwo adanena, abambo pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi aliwonse omwe adalandira zipangizo adadziyeza. Bambo yemweyo yemwe amanenedwa kuti ndi wamakani kapena wamantha adavomera kuyezetsa pomwe panalibe mzere, panalibe maso a anthu, ndipo sadajombe ku ganyu. Chomwe chidatsala ndi ulendo wa ku chipatala, ndipo apa ndi pomwe kandalama kaja kadagwira ntchito.

Akatswiri a za kaganizidwe adaona khalidweli kale. M'chaka cha 1965, Howard Leventhal adapereka timabuku tofotokoza za kuopsa kwa matenda a kafumbata kwa ophunzira a pa yunivesite ya Yale ku America. Omwe adawerenga timabuku toopseza kwambiri adanena kuti akabayitsa katemera, koma omwe adapitadi adali pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. Gulu lina adalipatsa mapu osonyeza pomwe pali chipatala cha pa sukuluyo n'kulipempha kuti lisankhe tsiku ndi ola loti lipite. Pagululi adapita 28 pa 100 aliwonse. Ambiri mwa ophunzirawo adali akudziwa kale komwe kuli chipatalacho. Chomwe mapuwo adachita ndi kusandutsa cholinga kukhala dongosolo la tsiku.

Chifukwa chake, malinga ndi akatswiriwa, n'chakuti munthu amalemera nacho kwambiri chovuta cha lero kuposa phindu la mtsogolo. Kutaya theka la tsiku pa mzere kumapweteka pompopompo, pomwe moyo wautali ndi nkhani ya zaka zikubwerazo. Ntchito ya mtunduwu, yoona momwe anthu amapangira ziganizo, ndi yomwe idapezetsa Daniel Kahneman mphoto ya Nobel m'chaka cha 2002.

Zofanana ndi izi zidaonekanso m'chaka cha 2004 m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, komwe anthu adayezedwa HIV m'makomo mwawo koma amayenera kukatenga okha zotsatira. Rebecca Thornton, yemwe adachita kafukufukuyu, adapeza kuti mwa omwe sadalonjezedwe kanthu, 34 pa 100 aliwonse ndi omwe adapita, koma ngakhale kandalama kochepetsetsa kadachulukitsa chiwerengerocho kawiri. Omwe amakhala kutali ndi malo otengera zotsatirawo amapitanso mochepa.

Ena angafulumire kunena kuti Amalawi sayenda popanda alawansi. Kumeneko n'kuwerenga molakwika. Kandalama kochepa chonchi sikangagule munthu yemwe watsimikiza mtima kuti sakufuna kudziwa momwe mthupi mwake muliri. Komwe kamagwira ntchito ndi kwa munthu yemwe akufuna kale koma amangozengereza. Kamabweza ya thiransipoti, komanso kamamupatsa choyankha anzake akamufunsa chomwe akukachita ku chipatala. Boma silingathe kulipira aliyense wobwera ku chipatala, koma kuyandikitsa ntchito, kufupikitsa mzere ndi kupereka tsiku lenileni loti munthu abwere ndi zinthu zomwe ofesi iliyonse ingathe kuziganizira.

Nkhaniyi simathera pa zaumoyo. Wogwira ntchito aliyense amadziwa ubwino wosunga ndalama, komabe malipiro akalowa pakutha pa mwezi, sabata yachiwiri isanathe ena amakhala atayamba kale kuyang'ana kwa a katapila.

M'chaka cha 2017, akatswiri atatu, Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin, adayesa njira yosavuta pa esiteti ya tiyi ya Lujeri ku Mulanje. Ogwira ntchito adapatsidwa mwayi wosankha kuti gawo lina la malipiro awo lizisungidwa, n'kudzalandira pamodzi patatha miyezi itatu, popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala. Anthu pafupifupi theka adavomera. Ndalamazo zitatuluka, ambiri adagulira katundu wamkulu yemwe sakadatha kugula ndi malipiro a nthawi imodzi, ndipo patatha zaka ziwiri nyumba zawo zidali zitakonzedwa bwino kuposa za anzawo omwe sadapatsidwe mwayiwu. Ochita kafukufukuwo adapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu adakondera njirayi n'chakuti imawateteza kwa iwo eni, poti ndalama yomwe siili m'thumba siithera pa zinthu zosakonzekera.

Apa sayansi yangotsimikizira zomwe anthu amachita kale. Chipereganyu cha m'maofesi, banki m'khonde ya amayi a ku Bangwe ndi ku Ndirande, komanso ndalama yomwe SACCO imadula pa malipiro munthu asanaione, zonsezi ndi njira zodzimangira manja lero pofuna kudzapindula mawa.

Kwa mkulu wa nthambi ya boma yemwe ntchito yake anthu sakuilandira, funso loyamba lomwe kafukufukuyu akubweretsa si lakuti anthu aphunzitsidwenso kangati, koma lakuti munthu wochokera ku Chilomoni kapena ku Machinjiri akwera minibasi zingati, adikira maola angati, adzaza mafomu angati, ndipo abwerera kangati asanathandizidwe.