Tisangoletsa njerwa zootcha, tithandizenso oumba

Chilimwe chikafika, m'madambo ozungulira Lilongwe ndi Blantyre mumatuluka utsi usana ndi usiku. Ndi mauvuni a njerwa. Uvuni umodzi umadya nkhuni zochuluka zedi, ndipo m'madera ena anthu afika podula ngakhale mitengo ya mango. Mtengo ukapsa, mpweya woipa umene unasunga umakwera m'mwamba n'kuwonjezera kutentha kwa dziko, pamene pansi patsala maenje oswana udzudzu.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi za malonda. Lamulolo n'labwino. Koma mnyamata amene amadyetsa banja lake ndi chikombole, lamuloli silinamuuze kolowera. Iye akupitirizabe kuotcha chifukwa omanga nyumba zawozawo akugulabe.

Ambiri athamangira mabuloko a simenti. Apa tisanamizane: simenti nayo si yoyera. Popanga simenti amaotcha miyala ya laimu pamoto waukulu, ndipo mwalawo ukamapsa umatulutsa mpweya womwewo umene tikuuthawa. Njira yoposa ndi njerwa za dothi zosakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja. Siziotchedwa ayi. Zimangothiriridwa madzi kwa masabata angapo mpaka zitalimba, ndipo zina zimalumana zokha kotero kuti mmisiri sawononga matope ambiri pomanga.

Vuto lili pa makinawo. Woumba njerwa wa kumudzi alibe chikole choti banki imukhulupirire, ndipo chiwongola dzanja cha masiku ano chimaopsa ngakhale wamalonda wamkulu. Komanso dothi lililonse silichita: likachuluka makande njerwa imang'aluka, likachuluka mchenga imanyenyeka. Munthu ayenera kuphunzitsidwa kuliyesa.

Pamenepa mpomwe thandizo likufunika. Oumba njerwa atalowa m'magulu, makina amodzi angatumikire anthu khumi. Sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira zingaphunzitse kasakanizidwe koyenera. Makhonsolo nawo, akamamanga makalasi ndi zipatala zazing'ono, azigula njerwa kwa magulu a m'dera lomwelo m'malo moitanitsa mabuloko pa lole kuchokera m'tauni. Gulu likakhala ndi oda ya khonsolo m'manja, banki imayamba kulimvera.