Zipata za Malonda ndi Mafakitale Athu

Madzulo ano tikambe funso limene labvuta ambiri: kodi boma likatsegula zipata kuti katundu wa kunja alowe mosabvuta, mafakitale a m'dziko amalimba kapena amafa?

Poyamba tidziwe muyeso wace. Inu a ku mgodi mudziwa kuti shifiti ikatha, kapitao awerenga matani amene gulu lace latulutsa. Ku fakitale nakonso afunsa cimodzimodzi: munthu mmodzi apanga zinthu zingati pa tsiku?

Kuyambira caka ca 1968, pamene Dr Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani, mafakitale ambiri anali m'manja mwa INDECO, ndipo msonkho waukulu wa pa malire unali kuwacinjiriza. Ku Chipata anali kumanga njinga, ku Livingstone magalimoto, ku Mansa mabatire. Koma munthu wopanda wopikisana naye safulumira. Ndiponso makina akathyoka, ndalama za kunja zogulira zitsulo zinali kusowa.

Boma la Bambo Chiluba litalowa mu 1991, zipata zinatseguka, ndipo pofika 1996 msonkho wapamwamba unatsikira pa magawo 25 pa 100. Salaula anadzaza misika, nsaru za ku Kafue zinasowa ogula, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaima mu 2007. Komabe ena anapindula, pakuti makina ndi zopangira za kunja zinatsika mtengo. Trade Kings inayamba mu 1995, ndipo sopo wace wa Boom anafika m'maiko oyandikana nafe.

Tsono cenjerani ndi ciwerengero. Tiyerekeze gulu la amuna khumi. Mukacotsa atatu ofooka, matani a munthu mmodzi adzakwera ndithu, koma atatu aja ali kunyumba, ndipo ana ao afuna nsima. Mafakitale ofooka akatsekedwa, otsalawo aoneka amphamvu, cinkana nchito zacepa.

Akulu anati, walira mvula walira matope. Mpikisano umadzutsa fakitale ya tulo, koma suipatsa magetsi osazima, miseu yabwino, ngongole zopepuka kapena amisiri ophunzira. Motero mukamva kuti mafakitale apita patsogolo, funsani mafunso awiri: munthu mmodzi apanga zingati, ndipo olembedwa nchito ali angati?