Mwamuna akadwala mwakachetechete m'minda ya tiyi

Maukwati ambiri ku Thyolo ndi achikamwini. Mwamuna amasiya kwawo n'kukamanga pamudzi pa mkazi, ndipo maso a mudzi wonse amakhala pa iye. Chaka chikatha, china n'kutsatira, mkazi asanaime, apongozi amayamba kunong'onezana. Ngakhale banjalo likhale m'komboni ya esiteti ku Makwasa, ku Satemwa kapena kwa Conforzi, nyumba zake n'zoyandikana ndipo nkhani siisowa woinyamula. Amene amayamba kuzunzika ndi mayi. Ndiye amamwetsedwa mizu mphika ndi mphika, ndiyenso amatchedwa chumba. Bambo amangopereka ndalama ya ulendo.

Maganizo akuti kusabereka ndi vuto la akazi sadangobwera okha. Mimba imaoneka pa mkazi, ndiye ikasowa anthu amayang'ananso pomwepo. Mwamuna naye amadziyeza ndi zomwe akuona: thupi likudzuka, umuna ukutuluka, ndiye vuto lingakhale pati? Komatu umuna ndi mbewu n'zosiyana. Madzi ambiri amene amatuluka amachokera m'ziwalo zina zam'kati, pomwe mbewu zenizeni zimapangidwa m'machende, n'zosaoneka ndi maso, ndipo sizipitirira magawo 5 pa 100 aliwonse a madziwo. Munthu atha kukhala wanyonga kuchipinda, umuna wake wooneka ngati wa wina aliyense, koma mulibe mbewu ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chakenso bambo amene watseketsa kuti asaberekenso saona kusintha kulikonse m'nyumba: chomwe chatsekedwa ndi njira ya mbewu yokha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losowa mphatso pa nthawi ina ya moyo wake. Pa mabanja otere, pafupifupi theka gwero limakhala kwa bambo yekha kapena kwa onse awiri. Achipatala amayamba kufufuza banja likatha miyezi 12 likugonera limodzi osalera koma mimba osabwera.

Ine ndimaona kuti woyamba kuyezedwa azikhala bambo, ndipo izi ndikunena chifukwa chomvera chisoni onse awiri. Kuyeza mayi kumafuna maulendo angapo, zida zambiri, ndipo kwina n'kowawa. Kuyeza bambo n'kwapafupi. Amauzidwa kuti adzisunge masiku awiri mpaka 7, kenako amapereka umuna m'kabotolo koyera, a mulabotale n'kuunika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Amawerenga kuchuluka kwa mbewu, kuona ngati zikuyenda, ndi mmene zidaumbikira. Mlingo womwe WHO idaika mu 2021 ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi. Zotsatira zikakhala zofooka, munthu asataye mtima tsiku lomwelo. Mbewu imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ikhwime, ndipo malungo otentha thupi kwambiri amatha kuzichepetsa kwa kanthawi, choncho dokotala amapempha kuti mudzayezenso pakatha miyezi itatu.

Zoyambitsa zake zili ndi mayina. Chinzonono chomwe chidangopozedwa ndi makapisozi awiri ogula pagolosale chimatha kusiya zipsera zotseka njira ya mbewu. Matsagwidi akamugwira mnyamata atatha kale msinkhu nthawi zina amatsikira kumachende. Kwa ena misempha ya magazi ya m'thumba imatupa n'kumatenthetsa malo ofunika kuzizira, ndipo imeneyi imatheka kukonzedwa ndi opaleshoni. Palinso likodzo. Akuluakulu ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, koma magaziwo ndi chilonda cha m'chikhodzodzo chomwe amayambitsa ndi mazira a tinyongolotsi tochokera m'nkhono za m'madzi odikha. Dr Sekeleghe Kayuni ndi anzake atafufuza asodzi a ku Mangochi adapeza mazira omwewo mu umuna. Mankhwala ake, praziquantel, ndi omwe aja ana amalandira kusukulu.

Sikuti vuto lililonse limachizika. Alipo abambo amene dokotala adzawauze mosabisa kuti njira yatsekeka. Kale ankhoswe ankakonza mwachinsinsi zolowetsa fisi, pofuna kubisa manyazi a mkamwini ndi kusunga banja. Cholinga chinali chifundo, koma masiku ano njira imeneyo imatha kulowetsa HIV m'nyumba, ndiponso nthawi zambiri mayi sankafunsidwa maganizo ake. Banja lomwe lamva zoona kuchipatala limasankha lokha chochita, kaya kulera mwana wa mbale, ndipo mayi amapuma ku mizu yomwe sankafunikira kumwa.

Nkhani ina yomwe abambo amafa nayo mumtima ndi ya thupi kukana kudzuka. Anthu amati adagwa mu mpapaya, ena amati adamumanga mkazi wakale, ena amati wapita ukalamba basi. Mankhwala odziwika kuno ndi gondolosi, amene amagulitsidwa pamsika wa Bvumbwe ndi Luchenza ndipo amatchuka chaka ndi chaka pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Sindinyoza muzu umenewu. Ndi wathu, makolo adautafuna, ndipo munthu amene wautafuna ali ndi chikhulupiriro amalowa m'nyumba mtima uli m'malo, zomwe pazokha zimathandiza. Nkhawa yanga ndi ya bambo amene amautafuna zaka zitatu pomwe thupi lake likumuchenjeza za chinthu china.

Kudzuka kwa mwamuna ndi ntchito ya magazi. Misempha yopita kumeneko ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, ndiye imayamba kuvutika msanga, monga mmene paipi yopyapyala imatsekekera yaikulu isanatero. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya ndi mowa wambiri zimaononga misempha imeneyi. Sizachilendo kuti bambo wa zaka 45 apite kukadandaula za kuchipinda, n'kubwerako atauzidwa kuti ali ndi shuga yemwe sankamudziwa. Kwa ena gwero ndi kutopa ndi maganizo. Munthu amene waima pamtsetse kuyambira mbandakucha, dengu lili kumsana, kapena wachezera usiku kufakitale nyengo ya mvula masamba atachuluka, uku katapila akumudikira tsiku la malipiro, thupi lake likafooka si zaufiti ayi. N'chifukwa chake dokotala amafunsa ngati thupi limadzuka lokha m'mawa. Likamatero, nthawi zambiri misempha ili bwino ndipo vuto lili m'maganizo kapena pakati pa awiriwo. Mankhwala ena a BP nawonso amafooketsa, koma chochita ndi kukapempha kuti akusinthireni, osati kusiya kumwa.

Mapiritsi a sildenafil, omwe ambiri amawadziwa kuti Viagra, adayamba kugulitsidwa mu 1998 ndipo amathandizadi akaperekedwa ndi wachipatala. Akakumana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa magazi mwadzidzidzi, munthu n'kukomoka. Choopsa n'chakuti amabisidwa m'zinthu zolembedwa kuti n'zachilengedwe: mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola chidaletsedwa ku Malawi ndi ku Zambia atachipeza ndi mankhwala amenewa. Ndipo thupi likadzuka n'kukana kugona kwa maola opitirira anayi, munthu athamangire kuchipatala ngakhale pakati pausiku, chifukwa magazi otsekeredwawo amaononga malowo kosatha.

Za phudzi anthu amanena zambiri: kuti limabwera chifukwa chopalasa njinga, kapena kuti ndi chilango cha woyenda ndi mkazi wa mwini, komanso kuti ukalola mpeni umuna wako wathera pomwepo. Phudzi ndi madzi odzadza m'kathumba kozungulira chende. Kumunsi kwa phiri, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, lidali lofala chifukwa cha tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timatupitsanso miyendo. Mu 2020 WHO idavomereza kuti Malawi wagonjetsa kufala kwa matendawa, koma amene adatupa kale sachira okha. Opaleshoni yake ndi yaifupi, imachotsa madzi ndi kukonza kathumbako, chende n'kulisiya m'malo mwake. Kutupa kwina kofanana nako ndi matumbo otsikira m'thumba kudzera pamalo ofooka a m'munsi mwa mimba. Amenewa kunyamula zolemera kumawaonjezeradi, ndipo akapanikizika munthu n'kuyamba kusanza, palibe kudikira kuti kuche. Chimodzimodzi mnyamata amene wamva ululu waukulu wadzidzidzi kuchende limodzi: mwina lapotoka, ndipo madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 okha kuti alipulumutse.

Kanyela naye tisamuiwale. Amati mwamuna akagona ndi mkazi amene ali kumwezi, kapena wangobereka kumene, kapena wapita padera, amaonda, kutsokomola ndi kumva kuzizira. Mwambo wodikira kuti mayi achire udali wanzeru ndipo achipatala amagwirizana nawo. Koma kuonda ndi chifuwa chosatha ndi zizindikiro za TB kapena HIV, zomwe zimayezedwa ulere. Pa nkhani imeneyi Thyolo ali ndi mbiri yonyaditsa. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidafika m'bomali mu 1997, ma ARV adayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo pofika 2007 ambiri ofunika mankhwalawa anali akuwalandira. Anthu omwe ankanyamulidwa pamachira adabwerera m'minda. Lero bambo amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo kusaonekanso m'magazi sapatsira mkazi wake, ndipo amabereka ana opanda kachilombo.

Agogo amene amadzuka kasanu usiku kukataya madzi, mkodzo n'kumangodontha, amauzidwa kuti ndi ukalamba. N'zoona kuti chiwalo chotchedwa prostate, chomwe chimazungulira njira ya mkodzo, chimakula ndi zaka, koma chili ndi mapiritsi ake ndi opaleshoni yake, ndipo nthawi zina kukulako ndi khansa. Dokotala amayeza ndi chala kudzera kumbuyo. Ambiri amachita nazo manyazi, koma sizitha ndi mphindi imodzi yomwe.

Chimene chimabweza abambo a m'maesiteti si zikhulupiriro zokha. Tsiku la kuchipatala ndi makilogalamu a masamba omwe sanapite pasikelo, ndipo kiliniki ili pafupi ndi komboni pomwe aliyense amadziwa aliyense. Nkhawa zimenezi n'zomveka. Komabe wachipatala ndi womangidwa ndi lamulo losunga chinsinsi, ndipo palibe cholakwika kupempha kuti muonane ndi mwamuna mnzanu, kapena kupita kuchipatala cha kutali pang'ono. Ulendo umayambira pakiliniki kapena chipatala chaching'ono, kumene amayeza BP, shuga, mkodzo ndi matenda opatsirana. Zofuna mpeni zimapita kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, komwe amaphunzitsanso madokotala a opaleshoni. Zovuta kwambiri amazitumiza ndi kalata ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kwa akatswiri a njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo. Vuto losathamangitsa, monga phudzi kapena kuyezetsa mbewu, munthu atha kulikonzera miyezi yachilimwe masamba akachepa. Popita atenge buku lake la kuchipatala, mankhwala onse omwe akumwa, ngakhale mizu ndi mabotolo a pamsika, ndipo ngati nkhani ndi ya mphatso kapena matenda opatsirana, apite limodzi ndi mayi a kunyumba.