Pulasitala amabisa zambiri

Kukamacha ku Zandspruit, dera la zisakasa za malata lomwe lili m'mbali mwa msewu wa Beyers Naudé mumzinda wa Johannesburg, anthu amatuluka ngati linthumbu. Ena amathamangira maminibasi, ena amayenda wapansi kulowera ku Honeydew ndi Northriding komwe kuli nyumba za mipanda italiitali. Pakati pawo pamakhala amuna onyamula zikwama zolemera, momwe muli levulo, chingwe, tepi ndi mpeni womangira. Akafika pamphambano kapena pachipata cha sitolo ya zipangizo zomangira, amaimika kachikatoni kolembedwa ntchito yawo ndi nambala ya foni: womanga, wopenta, woika matailosi, wokonza mipope. Mukatchera khutu mumva Chizulu, Chishona ndi Chishangani, komanso Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka.

Chikatoni sichisiyanitsa anthu. Amene wamanga nyumba kwa zaka 20 ndi amene adangokankha wilibala miyezi itatu n'kudzitcha mmisiri, onse amalemba mawu amodzimodzi. Mwini nyumba akaimitsa galimoto, funso lake loyamba limakhala la mtengo, ndipo apa wongoyeserayo ndiye amapambana poti amatchula ndalama yochepa ndi masiku ochepa. Nanga awiriwa amasiyana pati?

Ambiri angayankhe kuti amasiyana pa setifiketi, ndipo yankholi si lopanda nzeru. Ku Malawi bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Livingstonia akhala akusula amisiri kwa zaka zambiri. Ku South Africa mayeso a umisiri amachitikira m'malo monga INDLELA ku Olifantsfontein, ndipo pali njira yoti munthu amene adaphunzirira ntchito pamanja ayesedwe n'kupatsidwa pepala. Koma khomo limeneli n'lopapatiza kwa mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito, ndipo abale athu ambiri ali m'gulu lomweli. Luso lawo adaliyamba pokandira matope amalume awo ku Mangochi kapena ku Mzimba, n'kudzalikhwimitsa pamaganyu a ku Joni.

Ngakhale zili choncho, pepala palokha silimanga khoma. Pa 6 Meyi 2024, nyumba yosanja kasanu yomwe inkamangidwa m'tauni ya George ku Western Cape idagwa n'kupha antchito 34, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayi sinkamangidwa ndi anthu a pachikatoni. Idali ndi kampani, idali ndi injiniya, ndipo idali m'kaundula wa NHBRC, bungwe loteteza ogula nyumba. Pamene nduna yoona za zomangamanga, a Dean Macpherson, inkaulula zotsatira za kafukufuku mu Julaye 2025, zidadziwika kuti konkire wa masilabu adali wofooka kusiyana ndi amene ankafunika, ndiponso kuti antchito adaona ming'alu nyumbayo isanagwe, koma ming'aluyo idangomatidwa ntchito n'kumapitirira. Injiniyayo adachotsedwa m'kaundula wa akatswiri anzake. Mapepala adalipo. Chomwe chidasowa ndi munthu waudindo woimitsa ntchito.

Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pantchito yomanga mwambiwu ndi woona tsiku ndi tsiku, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi limakwiririka. Maziko amalowa m'nthaka. Pepala lapulasitiki loletsa chinyontho kukwera khoma limabisika pakati pa mizere ya njerwa, chimodzimodzinso waya wolimbitsa khoma. Pamwamba pa zonsezi pamabwera pulasitala ndi penti, ndipo tsiku lolandira malipiro nyumba ya mmisiri ndi ya wongoyesera zimawala mofanana. Kusiyana kumadzaoneka mvula ya Disembala ikagwa kawiri.

Taonani konkire. Wothamangira ndalama amathira madzi ambiri kuti asavute kusakaniza ndi kusalaza, osalabadira kuti madzi akachuluka mphamvu imachepa. Akathira lero, mawa wayamba kumangapo. Mmisiri amadziwa kuti konkire salimba pouma koma pokhala wonyowa, choncho amamuthirira kwa sabata yathunthu, ndipo akudziwa kuti mphamvu yake imayezedwa pakatha masiku 28. Masiku othirirawo palibe amamulipira mwapadera, palibenso amamuona. Pa ngodya ya nyumba sadalira diso: amayeza magawo atatu mbali ina, anayi mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikapanda kukwana magawo asanu amazula zikhomo n'kuyambiranso. Woika matailosi naye ali ndi mayeso ake. Mukagogoda tailosi ndi chala n'kumva kulira ngati ng'oma, dziwani kuti adangodontheza zomatira m'makona kuti thumba limodzi likwanire chipinda chonse.

Izi zikhoza kuphunzitsidwa. Chovuta kuphunzitsa ndi kukana. Mwini nyumba akati simenti yadula, thumba limodzi likwanire pomwe pakufunika awiri, kapena akati pentani lero khoma likadali lonyowa poti alendo akubwera Loweruka, wongoyesera amavomera msanga. Amavomeranso ntchito ya magetsi yomwe sadaiphunzire, chikhalirecho malamulo a dzikoli amafuna kuti ntchito yotero isainidwe ndi munthu wolembetsedwa. Mmisiri weniweni amanena poyera pomwe luso lake lathera, amaitana mnzake wodziwa, ndipo nthawi zina amalongedza zida zake n'kuchoka.

Kunena izi n'kosavuta kwa ife olemba tili pampando wa muofesi. Kwa munthu wa ku Zandspruit kukana ganyu ndi nkhani ya lendi ya chisakasa, ndiwo za madzulo, ndi uthenga wochokera kumudzi woti feteleza wakwera ndipo mwana wabwezedwa kusukulu. Kumbuyo kwake kwaima anthu khumi okonzeka kuvomera pamtengo wotsikirapo. Akamanidwa malipiro, wopanda mapepala amaopa kukadandaula. Alinso mlendo m'dera lomwe mu Okutobala 2001 zisakasa za anthu a ku Zimbabwe zidatenthedwa ndi anansi awo. N'chifukwa chake sindifulumira kuweruza amene amavomera. Ndimangoona kuti amene amakana ali mumkhalidwe wotere walipira mtengo womwe akatswiri ena a matayi ndi masetifiketi adalephera kulipira ku George.

Komabe kukanako kuli ndi phindu lake, ngakhale limachedwa. Amisiri odziwa ntchito sakhalitsa pamphambano. Nambala yawo imayenda yokha kuchoka panyumba ina kupita panyumba ina, ndipo mawu oti “Mmalawi” amene olemba ntchito ena ku Johannesburg amawamva ngati chizindikiro cha kukhulupirika adamangidwa motero, ndi anthu omwe maina awo sadalembedwe paliponse. Mbiriyi ndi chuma cha tonse, ndipo aliyense womata mng'alu amadyako pang'ono. Mabungwe othandiza anthu obwera amadziwa kuphunzitsa zaufulu ndi zamapepala, zomwe n'zofunika. Koma ndi angati amene adaganizapo zothandiza mmisiri kulemba mtengo wa ntchito papepala, kusunga zithunzi za maziko asanakwiriridwe, kapena kupeza njira yokayesedwa luso lomwe ali nalo kale?

Pali chizindikiro china chomwe eni nyumba ozindikira amachidziwa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi denga likayamba kudontha kapena tailosi ikasweka, amaimba nambala ija. Ya wongoyesera imakhala itazimitsidwa kapena itasinthidwa. Ya mmisiri imayankhidwa, ndipo Loweruka lotsatira mwini wakeyo amatsika minibasi pa Beyers Naudé ndi chikwama chake, n'kupempha makwerero kuti akaone pomwe adalakwitsa.